Lipoti la wodwala: kuthyoka kwa fupa la tsaya mwa woyendetsa kabaza ku Salima

Lipotili ndi la bambo wa zaka 29, woyendetsa njinga yamoto ya kabaza, amene anathyoka fupa la tsaya lakumanzere pangozi ya pamsewu wochoka ku Senga Bay kubwera ku Salima boma. Anafika kuchipinda chathu cha mano tsiku la 6 chivulalire, anachitidwa opaleshoni ku Lilongwe tsiku la 12, ndipo tawatsatira kwa miyezi 6. Anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe, dzina lokha ndalisunga. Ndikulembera makamaka anzanga a m'zipatala zazing'ono, amene munthu wotupa nkhope amayamba kufika kwa iwo. Kuthyoka kwa mtundu uwu kumabisala m'chotupa sabata yoyamba, ndipo ikakwana sabata yachitatu fupa limakhala litayamba kugwirana pamalo olakwika.

Mmene anavulalira ndi chimene chinawabweretsa

Kunali chisisira, atanyamula mayi wina wa geni ya usipa. Mbuzi inalowa mumsewu, iwo pokhota mwadzidzidzi njinga inaterereka pamchenga, n'kugwa chammbali, tsaya lakumanzere likumenya m'mphepete mwa phula. Helemeti anali nayo, koma ya mtundu wosaphimba nkhope, lamba wake wosamanga, moti inavuka mutu usanafike pansi. Sanakomoke, sanasanze, ndipo zonse akuzikumbukira. Kamfuno anatuluka, koma mbali yakumanzere yokha.

Usiku womwewo anapita pachipatala china chaching'ono. Anawatsuka mabala, kuwabaya jakisoni wa kafumbata, kuwapatsa mankhwala opha ululu, n'kuwauza kuti abwerenso akaona zachilendo. Nkhope inali itatupa mpaka diso kutsekeka. Pa nthawi ngati imeneyo tsaya lophwanyika limaoneka lodzaza kuposa linzake, ndiye wongoyang'ana patsogolo sangaone kanthu.

Kwa ife sanabwere ndi dandaulo la nkhope ayi. Anabwera kudzazulitsa dzino. "Adokotala, mano akumwambawa si anga. Mungondizula ili, mwina ndi lomwe lafa." Akazi awo ndi amene anawonjezera kuti nsima sakudyanso, mbamu ikukanika kulowa m'kamwa, akungokhalira phala ndi tiyi.

Zimene tinapeza

Anali ndi nzeru zonse, GCS (muyeso wa kutsitsimuka kwa munthu) 15 pa 15, BP ndi kugunda kwa mtima zili bwino, khosi likutembenuka popanda ululu. Matenda a shuga kapena a magazi analibe, fodya amasuta pang'ono. Mano onse anali olimba, opanda obowoka, ndipo akalumana ankakumana monga kale. Ichi n'chofunika kuchiyesa msanga, chifukwa mano akasiya kukumana bwino timaganizira za nsagwada yapansi kapena fupa lonse losenza mano akumwamba. Ndinagwira mano akumwamba n'kuyesa kuwagwedeza, dzanja lina lili pachipumi, koma panalibe chosuntha.

Dzanzi linali pa tsaya, m'mbali mwa mphuno, theka la mlomo wapamwamba, ndi nkhama za mano akutsogolo mbali yakumanzere. Malo onsewa amamva kudzera mu mtsempha umodzi, infraorbital nerve, umene umayenda pansi pa diso n'kutulukira pakabowo ka m'fupa, osafika sentimita imodzi kutsika kuchoka pamkombero wa chibowo cha diso. Mzere wa kuthyoka umakonda kudutsa pomwepo. Munthu wagwa, ndipo akunena kuti mano ndi mlomo zachita dzanzi mbali imodzi, musakhudze chozulira mano, yambani mwafufuza fupa.

Kamwa linkatseguka mamilimita 18 okha, kuyeza pakati pa mano akutsogolo. Munthu wamkulu amafika cha m'ma 40, zala zake zitatu zoimika n'kulowa. Iwo chala chimodzi chinkalowa, chachiwiri n'kukanika, ndipo ankati akumva china chikugunda kutsogolo kwa khutu.

Chikope chinali chakuda ndi magazi ogwirana. Choyera cha diso chinali chofiira mbali yakunja, kufiirako kukupitirira mpaka kumbuyo kosaoneka malire ake, chizindikiro choti magazi akuchokera m'khoma la chibowo cha diso. Maso onse ankawerenga 6/6, kutanthauza kuona bwinobwino, ndipo kuwala kukawafika ankachita mofanana. Akayang'ana kumwamba kwenikweni ankaona zinthu ziwiriziwiri pang'ono, koma kutsogolo ndi pansi ayi. Diso silinalowe m'kati.

Kenako ndinawakhazika pampando, ndinaima kumbuyo kwawo, n'kuwaweramitsa mutu chagada kuti ndione nkhope kuchokera pamwamba. Ndinaika zala zolozera pamsonga pa masaya onse awiri. Chala chakumanzere chinali m'munsi ndi m'mbuyo poyerekeza ndi chinzake. Ndinaitana akazi awo kuti aime pomwe ndinaimapo. Anangoti, "Ii, koma laphwa ndithu," pomwe masiku onsewa ankawaona patsogolo osazindikira. Poyendetsa chala pamkombero wapansi wa diso ndinapeza podumpha, fupa lakunja litatsika. Kumapeto kwa nsidze kunali kampata kopweteka, ndipo m'kamwa, pamwamba pa mano otafunira, chala chinapeza pokhakhala pomwe pamayenera kukhala posalala.

Chifukwa chake zizindikiro zimabwera pamodzi chonchi

Fupa la tsaya, zygoma, lili ngati kampando ka miyendo inayi. Mwendo wina umakwera kukagwira fupa la chipumi kumapeto kwa nsidze, wina umapita chakumphuno kupanga mkombero wapansi wa diso, wina umatsikira pamwamba pa mano otafunira, ndipo wachinayi ndi uta wopyapyala wopita kukhutu. M'kati, fupali limapanganso mbali ya khoma ndi pansi pa chibowo cha diso. Lenilenilo ndi lolimba, sakonda kusweka pakati. Likamenyedwa imathyoka ndi miyendo, ilo n'kulowa m'kati lathunthu, kenako mnofu wotafunira, masseter, umalikokera pansi nthawi iliyonse munthu akatafuna.

Pansi pake pali mphako ya mpweya yolumikizana ndi mphuno. N'chifukwa chake kamfuno amatuluka mbali imodzi, n'chifukwa chakenso wodwala timamuletsa kumina. Akamina mwamphamvu mpweya umadutsa pothyokapo n'kulowa m'chikope ndi m'tsaya, pamodzi ndi tizilombo ta m'mphuno. Kuseri kwa uta uja kumayenda kansonga ka nsagwada yapansi pamene kamwa likutseguka. Uta ukapindikira m'kati, kansongako kamagunda, kamwa n'kuima.

Zithunzi ndi kutumiza

Tinajambula ekisire ziwiri. Ya occipitomental, yojambula nkhope munthu atakweza chibwano, inaonetsa mphako yakumanzere itachita mbuu ndi magazi, mkombero wa diso utaduka, ndi mpata kumapeto kwa nsidze. Ya submentovertex, yojambula kuchokera pansi pa chibwano, yomwe imafuna kuti munthu apinde khosi chagada kwambiri ndipo siyenera kujambulidwa musanatsimikize kuti khosi silinavulale, inaonetsa uta utapindikira m'kati. Izi zinali zokwanira kutumizira munthu ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, komwe ife a chigawo chapakati timatumiza odwala otere, ulendo wa makilomita pafupifupi 100 pamsewu wa M14.

Sitinawathamangitse ndi ambulansi tsiku lomwelo, chifukwa diso linali pabwino. Akanakhala kuti kuona kukuchepa, diso likutuzuka ndi kulimba, kapena madzi oyera akutuluka m'mphuno, kapena nzeru zikusokonekera, sakanagona ku Salima. Chimodzimodzi mwana amene diso likukanika kuyang'ana kumwamba, akusanza, mtima ukugunda mochedwa, ngakhale nkhope isanatupe: pamenepo mnofu wa diso wapanika m'fupa ndipo sadikira. Bambowa tinawapatsa amoxicillin, paracetamol ndi ibuprofen, kuwauza kuti asamine, akamayetsemula atsegule pakamwa, asagonere mbali yovulala, ndipo tinaimba foni kukonza tsiku.

Sikuti fupa la tsaya lililonse lothyoka limafuna mpeni. Ngati silinasunthe, kamwa likutseguka, maso ali bwino, timangouza munthu adye zofewa, n'kumuonanso pakatha sabata chotupa chitaphwa. Kuonananso kumeneku ndi kumene sikuyenera kuphonyeka, chifukwa chotupa chikaphwa wodwala amati wachira, pomwe nthawi yomweyo ndi imene kuphwa kwa tsaya kumayamba kuoneka.

CT scan ya ku Lilongwe inatsimikiza kuti miyendo yonse inayi yathyoka. Fupa linali litalowa m'kati, kutsika, ndi kupotokera chakumphuno. Mpata wa pansidze unali mamilimita 3. Mwendo wa pamwamba pa mano unasweka tizidutswa. Pansi pa diso panali mng'alu, koma mnofu kapena mafuta a diso sizinagwere m'mphako, kusonyeza kuti kuona ziwiriziwiri kuja kunali kwa kutupa chabe.

Kukambirana ndi banja

Bambowa poyamba anakana opaleshoni. "Nkhope sindidyera, bola ndikuona." Njinga si yawo, amapereka ndalama kwa mwini wake tsiku ndi tsiku, ndiye tsiku lililonse la m'wodi ndi ngongole. Sindinalimbane nawo za maonekedwe. Ndinawafunsa ngati akufuna kukhalira phala mpaka kalekale, popeza uta ukagwirana uli chipindikire, kamwa silidzatsegukanso bwino lokha. Ndinawauzanso za nthawi. M'masabata awiri oyamba fupa limanyamuka n'kubwerera m'malo. Akadutsa atatu, pamafunika kulidulanso mwadala kuti lisunthe, opaleshoni yayitali ndipo zotsatira zake sizifika pa zoyambazo.

Ine maganizo anga ndi akuti nkhani ya maonekedwe si yachibwana monga odwala achimuna amaichititsira. Ndaonapo anthu amene anakana, n'kubwera patapita miyezi akudandaula kuti anthu akumawayang'anitsitsa, koma nthawi itatha. Komabe munthu wa njala sumuyamba ndi galasi.

Amalume awo, eni mbumba, anabwera ndi mafunso awiri. Loyamba, ngati zitsulozo zidzachotsedwe. Lachiwiri analifunsa motsitsa mawu: "Nanga nyengo ya mvula, mphezi siimulondola mwanayu?" Ndinawayankha kuti, "Amalume, ndi tizitsulo ta titanium, topyapyala, tosachita dzimbiri, ndipo sitikoka mphezi. Timakhala momwemo moyo wonse, pokhapokha titayamba kuvuta." Tinafotokozanso zoopsa zake mosabisa: dzanzi likhoza osatheratu, bala likhoza kuchita mafinya, nkhope ikhoza osafanana ndendende, ndipo mwa apo ndi apo magazi amatha kuunjikana kuseri kwa diso mpaka munthu kuchita khungu. Anasaina okha bambowa, amalume akuona.

Opaleshoni

Anachita ndi dokotala wa opaleshoni za nkhope ndi nsagwada, ine ndinaloledwa kuthandizira. Tisanalowe ku fiyeta, dokotalayo anapempha chithunzi chakale. Akazi awo anali nacho m'foni, cha pa chinkhoswe. Chinaonetsa kuti ngakhale kale tsaya lakumanja linali lotukuka pang'ono kuposa linzake. Palibe munthu amene mbali ziwiri za nkhope yake zimafanana ndendende, choncho cholinga ndi kubwezera nkhope ya mwini wake.

Wogonetsa odwala anali tcheru ndi kamwa lija. Kamwa lokanika chifukwa cha ululu limamasuka munthu akagona, koma lokanika chifukwa fupa likugunda silimasuka. Anakonzeratu zida za njira yovuta. Mwamwayi linatseguka mokwanira kulowetsa chubu chopumira. Nkhope yonse inasiyidwa poyera, masaya onse awiri ndi maso onse awiri, kuti tiziyerekeza.

Tinayamba ndi njira ya Gillies. Harold Gillies, wobadwira ku New Zealand, amene anakonza nkhope za asilikali ambiri pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, anaifotokoza mu 1927 pamodzi ndi Kilner ndi Stone, ndipo mpaka lero sinasinthe kwenikweni. Tinameta kamalo m'mbali mwa mutu, pamwamba ndi patsogolo pang'ono pa khutu, n'kucheka masentimita 2 m'kati mwa tsitsi, kupewa nthambi za mtsempha wa magazi umene umagunda pamenepo. Pansi pa khungu mumafika pa kachikopa koyera, konyezimira, kokuta mnofu wa temporalis. Chinsinsi chonse chili apa. Kachikopako kamakathera pamwamba pa uta, pomwe mnofuwo umadutsa pansi pa uta. Mukacheka kachikopa mpaka mnofu wofiira utasuzumira, n'kulowetsa chitsulo pakati pa ziwirizi, chimatsetsereka chokha mpaka kuseri kwa fupa la tsaya. Mukalowetsa pamwamba pa kachikopa, chitsulo chimathera pamwamba pa uta, pafupi ndi nthambi ya mtsempha woyendetsa chipumi, ndipo munthu akhoza kudzuka nsidze yosakwera.

Ndi chonyamulira cha Rowe dokotala anakokera fupa kunja ndi kutsogolo, ine nditagwira mutu, chala changa chili pamkombero wa diso. Sapendekera chitsulo pa chigaza, chifukwa fupa la m'mbali mwa mutu ndi lopyapyala. Akukoka choncho, kugunda kwa mtima kunatsika kuchoka pa 78 kufika pa 48. Wogonetsa anati tiime, tinaima, ndipo kunabwerera kokha, atropine, mankhwala ofulumizitsa kugunda kwa mtima, wosagwiritsidwa ntchito. Zimachitika mitsempha ya kumaso ndi yozungulira diso ikakokedwa, ndiye amene akukoka ayenera kuchenjeza wogonetsa asanayambe. Kukoka kwachiwiri tinamva kuti khwa, podumpha paja n'kusowa pansi pa chala changa. Kamwa linatseguka lonse nthawi yomweyo.

Uta wokha ukathyoka, nthawi zambiri ntchito imathera pomwepa. Apa dokotala atakanikiza tsaya pang'ono ndi chala chachikulu, fupa linamiranso. Mwendo wa pamwamba pa mano unali tizidutswa, panalibe chopondera, ndipo masseter akanamaliza ntchito yolitsitsa m'masiku ochepa. Panafunika kumanga.

Anacheka m'kamwa, pamwamba pa nkhama za mano akumwamba, kusiya mnofu wokwanira kudzasokerapo. Njira ya m'kamwayi ndi yakale kuposa ya Gillies, William Keen wa ku Philadelphia anaifotokoza mu 1909, ndipo ubwino wake ndi woti sisiya chipsera pankhope. Anakweza minofu mpaka kuona mtsempha wadzanzi uja potulukira pake, utapanika pakati pa tizidutswa, n'kuumasula. Kenako anacheka kachiwiri, sentimita imodzi ndi theka, kumapeto kwa nsidze. Pansidzepo anayamba waika kapuleti ka titanium ka mabowo anayi, masikuluwu osamangitsa. Malo amenewa ndi olimba koma amanyenga: akhoza kuoneka olumikizana bwino fupa lili chipotokere m'munsi. Choncho anayang'ana malo atatu nthawi imodzi, pansidze, pamkombero ndi chala, ndi m'kamwa ndi maso, ife titanyamula fupa. Zitagwirizana, anaika kapuleti kopindika m'kamwa, masikuluwu akumunsi akutalikirana ndi mizu ya mano, kenako n'kumangitsa a pansidze. Kumene kulibe timapuleti, waya wosachita dzimbiri pansidze amathandiza, ngakhale saletsa kupotoka mofanana.

Chikope chapansi sitinacheke. Mkombero unali utakhala bwino, pansi pa diso sipanafune kukonza, ndipo kucheka pamenepo kumatha kusiya chikope chogwera pansi kapena chotembenuka, chilema chooneka kuposa chimene mukukonzacho. Pomaliza dokotala anagwira choyera cha diso ndi kapani kakang'ono n'kuliyendetsa mbali zonse, kutsimikiza kuti pobweza fupa sitinapane mnofu. Linayenda momasuka. Tinaimanso kumutu, zala pamasaya, ndipo zinali pamzere umodzi. M'kamwa anasoka ndi ulusi wosungunuka wokha, kunja ndi wochotsa. Zonse zinatenga mphindi 95.

M'wodi

Patsaya tinamata pulasitala yolembedwa kuti OSAKANIKIZA, kuti aliyense wowatembenuza kapena wowaika chopumira aone. Mutu wa bedi unakwezedwa. Ntchito yaikulu usiku woyamba ndi ya namwino: kuyang'ana diso mphindi 15 zilizonse maola oyamba, kenako motalikitsa mpaka kucha. Amafunsa ngati akuona, ngati ululu wa m'diso ukukula, n'kuona ngati diso likutuzuka kapena kusiya kumva kuwala. Magazi akaunjikana kuseri kwa diso, mtsempha woonera supirira kupitirira ola limodzi ndi theka kapena awiri. Chithandizo chake ndi kucheka pangodya yakunja ya chikope, lateral canthotomy ndi cantholysis, pabedi pomwepo, osadikira fiyeta kapena sikani. Ndikanakonda clinical officer aliyense wa pa boma atachidziwa, popeza vutoli limabweranso ndi ngozi yeniyeniyo, opaleshoni isanachitike. Akatswiri a mano ndi nkhope m'dziko muno ndi ochepa. Maphunziro a udokotala wa mano anangoyamba mu 2019 ku Blantyre, mothandizana ndi University of Glasgow, ndiye kwa zaka zikubwerazi oyamba kuona odwala otere akhalabe ife a m'maboma.

Usiku unadutsa popanda vuto. Ekisire ya m'mawa mwake inaonetsa uta utawongoka ndi timapuleti tili m'malo. Anatuluka tsiku lachitatu chichitireni opaleshoni ndi mankhwala a masiku 5, malangizo ochukucha m'kamwa ndi madzi ofunda a mchere akatha kudya, kudya zofewa, kusamina, kusiya fodya, kusagonera kumanzere, ndi kusakwera njinga masabata 6.

Kuwatsatira kuno ku Salima

Ulusi wa pansidze ndi wa m'tsitsi tinachotsa patatha sabata. Kamwa linkatseguka mamilimita 27, minofu ikadali yolimba. Tinawapatsa timatabwa topanira lilime kuti azisanjikiza pakati pa mano otafunira kangapo patsiku, n'kumawonjezera kamodzi pakapita masiku angapo. Kuona ziwiriziwiri kunali kutatha.

Pa masabata 6 kamwa linafika mamilimita 38, nsima akudya. Anaulula kuti njinga anayambiranso sabata yachinayi, mwini wake atawopseza kuti aipereka kwa wina. Fupa silinasunthe. Tinakambirana za helemeti yophimba chibwano ndi masaya, iwo n'kunena za mtengo wake ndi kutentha kwa kuno kunyanja. Anavomera kumamanga lamba wa yomwe ali nayoyo.

Pa miyezi 3 bala la m'kamwa linali litapola, kapuleti kosaoneka, mafinya palibe. Dzanzi la patsaya ndi pamphuno linasanduka kunyerenyesa, kenako kutha, ndipo mano anayamba kuwamva ngati awo. Dzino limene ankafuna kuzulitsa tinaliyesa ndi chozizira, ndi lamoyo.

Pa miyezi 6, poyang'ana kuchokera pamwamba ndi poyerekeza ndi chithunzi cha m'foni chija, masaya ali monga analili kale, ndipo nkhope sinatambalale mbali yovulala. Maso ali pamzere umodzi, onse 6/6, diso silinalowe m'kati. Chala chimamvabe kapodumpha kakang'ono pamkombero wapansi, kosafika mamilimita 2, kosaoneka ndi maso. Chipsera cha pansidze chabisika m'tsitsi la nsidze, koma kapuleti kake amakamva akakhudza, ndipo m'mwezi wa June ankati pamazizira akamayenda m'mamawa. Tagwirizana kukasiya pokhapokha kakayamba kupweteka. Kamwa likutseguka mamilimita 41. Patsala kamalo kadzanzi pa mlomo wapamwamba, kukula kwake ngati nsonga ya chala, ndipo tawauza kuti kakhoza kutha kapena kukhalirira. Tidzawaonanso pakakwana chaka.